Funsani Injiniya: Balani la Fodya la pa Kompyuta Likukana Kufanana ndi la Kumudzi

FUNSO

Bambo Injiniya,

Ndine mtsikana wa ku Santhe kuno ku Kasungu, ndipo ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a uinjiniya. Bambo anga amalima fodya wa flue-cured, ndipo chaka ndi chaka nkhuni zikusowa komanso zikukwera mtengo. Pa ntchito yanga yomalizira sukulu ndinasankha kuyesa balani lawo pa kompyuta ndi pulogalamu ya ANSYS Fluent, kuti ndione kumene kutentha kukutayikira. Balanilo ndi la njerwa zowotcha, mamita 4 mbali iliyonse, mamita 5 kupita m'mwamba, denga la malata, ndipo mapaipi a moto amayenda pansi kuchokera ku ng'anjo kukatulukira ku chumuni. Ndajambula zonse, mesh, timagawo ting'onoting'ono timene kompyuta imadula chojambulacho, yakhala bwino. Pamene ndasokonezeka ndi pa boundary conditions, zimene timauza kompyuta kuti zikuchitika m'malire a balanilo. Poyamba ndinaika kutentha kolowa pa mapaipi okha, makoma sindinawakhudze. Madigiri anangokwera mpaka mazanamazana ndipo mawerengedwe sanakhazikike. Kenako ndinalamula makoma onse kuti akhale pa madigiri 68. Zithunzi zinatuluka zokongola, koma ondiyang'anira anati sizikunena kalikonse. Za chinyezi ndiye zakanikiratu, fodya wanga wa pa kompyuta sauma. Ndiyambire pati?

Wophunzira, Santhe

YANKHO

Mwana wanga, okuyang'aniraniwo akunena zoona, koma zimenezi zisakufooketseni. Mavuto atatu mwafotokozawa aphuka pa muzu umodzi, ndipo mukauona muzuwo ntchito iyamba kuyenda.

Pulogalamu ngati Fluent, COMSOL kapena OpenFOAM imabwera ikudziwa kale mmene kutentha ndi nthunzi zimayendera mkati mwa chinthu. Ikudziwa lamulo limene Joseph Fourier anafalitsa mu 1822, loti kutentha kumachoka kotentha kunka kozizira molingana ndi kusiyana kwa madigiri, ikudziwanso la Adolf Fick la mu 1855 limene timagwiritsa ntchito pa kayendedwe ka chinyezi. Malamulo amenewa ku Santhe ndi ku Stockholm ndi amodzimodzi. Chimene pulogalamuyo sidziwa ndi balani la bambo anu. Sidziwa kuti mu Febuluwale kunja kumakhala konyowa, kuti malata ake achita dzimbiri, kuti pansi pake ndi pa dothi, kapena kuti bambo amayamba kutsegula timazenera ta mpweya masamba akachita chikasu. Zonsezi mumaiuza ndinu, ndipo poziuzira pake ndi pa boundary conditions. Ndiye pa khoma lililonse, pa denga, pa paipi, pa chitseko, muzidzifunsa mafunso awiri: panopa pakudutsa chiyani, ndipo ndadziwa bwanji?

Tiyambe ndi makoma mukuti simunawakhudzewo. Mu Fluent khoma losakhudzidwa lili kale ndi yankho lake, heat flux, kutentha kodutsa pa khomalo, ya 0. Posalemba kanthu, munauza kompyuta kuti njerwa za bambo sizidutsitsa kutentha ngakhale pang'ono. COMSOL imachitanso chimodzimodzi, mbali iliyonse imene mwaisiya imaipatsa Thermal Insulation, ndipo ku OpenFOAM amene walemba zeroGradient pa T wanena zomwezo. Tsono munasonkha moto m'chipinda chopanda potulukira kutentha, n'kupempha kompyuta kuti ikuuzeni madigiri amene chipindacho chidzakhazikikepo. Madigiri otero kulibe. Zili ngati kutsegula mpopi pa thanki lopanda potulukira n'kumadikira kuti madzi aleke okha kukwera. Choncho musavutike ndi mesh. Pulogalamuyo inayankha molondola funso limene munaifunsa.

Njira yanu yachiwiri inapita mbali inayo. A masamu anaika boundary conditions m'magulu atatu n'kuwatcha maina a akatswiri. Ya Dirichlet ndi pamene mukulamula madigiri enieni a pamalopo. Ya Neumann ndi pamene mukulamula kuchuluka kwa kutentha kodutsa, monga 0 uja. Ya Robin imalumikiza ziwirizi: kutentha kodutsa kumadalira kusiyana kwa madigiri a khoma ndi a mpweya wakunja, kuchulukitsa ndi nambala yotchedwa h. Polemba 68 pa makoma onse munasankha Dirichlet, ndipo potero munasandutsa njerwa kukhala chinthu chamatsenga chimene chimapereka moto mpweya ukazizira, n'kuumeza mpweya ukatentha, osatopa. Munapatsa kompyuta yankho ndipo inakubwezerani yankho lomwelo litapakidwa utoto. Funso lanu ndi loti kutentha kukutayikira kuti, ndipo khoma lotere silingakuyankheni.

Makoma a balani amafuna Robin. Mu Fluent, pa tsamba la Thermal la khomalo, sankhani Convection kapena Mixed, kenako lembani h, madigiri a kunja, makulidwe a khoma ndi chinthu chimene lapangidwa nacho. Apa pali msampha umene umakola ambiri. Fluent imayamba ndi makulidwe a 0 ndi aluminiyamu, amene amadutsitsa kutentha pa mlingo wopitirira 200 W/mK, pamene njerwa yowotcha ili pakati pa 0.6 ndi 1.0. Mukalemba makulidwe n'kuiwala kusintha aluminiyamuyo, khoma lanu likhala ngati palibe. A COMSOL amapeza zimenezi pa Heat Flux posankha Convective heat flux, a OpenFOAM pa externalWallHeatFluxTemperature.

Musanayatse kompyuta, tengani pepala ndi cholembera. Ndimalimbikira kwambiri pamenepa, chifukwa amene sanawerengere pamanja alibe chodziwira kuti pulogalamu yamusocheretsa. Makoma anu anayi ndi masikweya mita 80. Tiyerekeze kuti khoma ndi la masentimita 23, njerwa yake 0.7 W/mK, h wamkati pafupifupi 8 ndipo wakunja pafupifupi 20. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti sikweya mita iliyonse ikutaya pafupifupi mawati 2 pa digiri iliyonse ya kusiyana. Usiku woumitsa mitsempha ya masamba, mkati muli madigiri 70 ndipo kunja kuli 18, kusiyana ndi 52. Ndiye kuti mawati 100 ndi pang'ono pa sikweya mita, makilowati 8 pa makoma onse. Tsono onani denga. Lata ndi lopyapyala moti lokha silitchinga kanthu, chotchinga ndi mpweya wa mbali zake ziwiri basi, ndiye limataya mawati 5 mpaka 6 pa sikweya mita pa digiri. Masikweya mita 16 okha a denga akutaya pafupifupi makilowati 5, kupitirira theka la zimene makoma onse akutaya. Pulogalamu ikakupatsani makilowati 80 kapena theka la kilowati pa makomawo, mudziwa msanga kuti pena pake mwalemba molakwa.

Nambala ya h wakunja simungaipeze yeniyeni, ndipo musanamizire kuti mwaipeza. Mabuku amati mpweya woyenda wokha uli pakati pa 2 ndi 25 W/m²K, ndipo mphepo ikamawomba nambala imakwera. Yesani 10, yesaninso 25, muone mmene yankho likusinthira. Pa njerwa mupeza kuti kusinthako n'kochepa chifukwa njerwayo ndiyo ikulamulira. Pa malata kusinthako n'kwakukulu. Zimenezi n'zofunika kulemba mu lipoti lanu, zimasonyeza pamene muyenera kuyeza mosamala ndi pamene mungayerekezere.

Denga lili ndi nkhani inanso. Masana kukakhala kopanda mitambo dzuwa limafika pafupifupi mawati 1,000 pa sikweya mita, ndipo malata a dzimbiri amameza gawo lalikulu. Usiku malata omwewo amataya kutentha kumwamba kudzera mu radiation, kutentha koyenda ngati kuwala. Ichi n'chifukwa chake pa denga ndimakonda Mixed, imene imatenga mphepo ndi radiation pamodzi. Emissivity, nambala yosonyeza mmene chinthu chimatayira kutentha mwa radiation, ya lata latsopano lonyezimira ili cha m'ma 0.2 mpaka 0.3, la dzimbiri imaposa 0.6, njerwa ili pafupi ndi 0.9. Kayang'aneni denga la bambo ndi maso anu musanasankhe.

Pansi musapaiwale. Dothi limamwa kutentha, makamaka masiku oyamba a balani limene lakhala nthawi losayatsidwa, ndipo nyengo ya dzinja limakhala ndi chinyontho chake. Njira yosavuta ndi kujambula dothi la mita imodzi kapena iwiri pansi pa balani n'kuika madigiri okhazikika kunsi kwake, oyandikira kutentha kwapakatikati kwa chaka chonse kwa dera lanu.

Tibwere ku mapaipi, kumene moto ukulowera. Anthu ambiri amawerengera nkhuni n'kuthira nambala yonse pa paipi. Nkhuni youma bwino imapereka pafupifupi mamegajulo 15 pa kilogalamu. Bambo akamasonkha makilogalamu 10 pa ola, ndiye kuti makilowati 42. Koma si onse 42 amene amalowa m'balani. Ena amathawa ndi utsi pa chumuni, ena amatayika pa ng'anjo pomwepo, ndipo nkhuni ikakhala yaiwisi gawo lina limathera kuumitsa nkhuniyo. Mukalemba 42 pa paipi mwawonjeza moto umene kulibe. Apa ndi pamene Dirichlet imagwira ntchito bwino, chifukwa madigiri a paipi mungathe kuwayeza. Bwerekani thermocouple, waya woyezera madigiri, ya mtundu wa K, muimange ndi waya pa paipi pafupi ndi ng'anjo, pakati, ndi pafupi ndi chumuni. Mupeza kuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Dulani paipi ya pa kompyuta m'zigawo zitatu kapena zinayi, chilichonse chikhale ndi madigiri ake. Kachipangizo koyezera patali ka infrared kamanama pa chitsulo chonyezimira, kamaonetsa madigiri otsika, choncho musakadalire kokha.

Ndipo yatsani radiation mkati mwa balani, kaya mwa njira yowerengera ya S2S kaya ya DO. Taonani chifukwa chake. Tiyerekeze chigawo cha paipi chili pa madigiri 250, zozungulira zili pa 70, emissivity 0.7. Radiation yokha ikupereka pafupifupi mawati 2,400 pa sikweya mita, pamene mpweya wokhudza paipiyo, pa h wa 8, ukutenga pafupifupi 1,400. Mukasiya radiation mwataya gawo loposa theka. Aliyense amene anakhalapo pa balani amadziwa kuti mikangala ya mzere wapansi, yoyang'anizana ndi paipi, ndiyo imayamba kupserera moto ukapitirira. Ine ndinakulira cha ku Mtunthama, ndipo fungo la tsamba lopserera la mzere wapansi ndi chinthu chimene mwana wa mlimi saiwala, chifukwa tsamba lotero ku msika wa fodya wa Chinkhoma limagwa mtengo. Model imene sionetsa kutentha kwa mzere umenewu sinafike pa balani lenileni.

Tsopano timazenera ta mpweya. M'kalata yanu simunatitchule, ndipo ndikukayika ngati munatijambula. Ngati mulibe, fodya wanu sangaume, pakuti nthunzi ilibe kolowera. Balani la bambo lilibe fani. Mpweya umalowa pansi n'kutuluka pamwamba chifukwa wotentha ndi wopepuka. Ndiye musaike velocity inlet ndi liwiro longoganizira, chifukwa liwirolo ndilo mukufuna kompyuta ikuuzeni. Ikani pressure inlet pa kazenera kapansi ndi pressure outlet pa kapamwamba, zonse pa 0, yatsani gravity pa 9.81 kuloza pansi, ndipo operating density ikhale ya mpweya wakunja. Kulemera kwa mpweya kusakhale kokhazikika. Fluent imayamba ndi 1.225 kg/m³ yosasintha, ndipo mpweya wosasintha kulemera sukwera ngakhale utatentha bwanji. Sankhani incompressible ideal gas. Njira ya Boussinesq ndi yabwino kusiyana kwa madigiri kukakhala kochepa, koma madigiri 50 aposa pamene ine ndingaikhulupirire.

Pali kanthu kena kamene mabuku olembedwa kunja sangakukumbutseni. Fluent imayamba ndi operating pressure ya 101,325 Pa, ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kasungu ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mphamvu ya mpweya imatsika kufika cha m'ma 90,000 Pa. Pa madigiri 20 mpweya wathu umalemera pafupifupi 1.07 kg/m³. Kusiyana kumeneku kumakhudza kuchuluka kwa mpweya wodutsa m'timazenera komanso nthunzi imene unganyamule. Sinthani nambalayo. Pa pressure outlet yang'ananinso backflow temperature, imene imayamba pa 300 K. Imeneyi ndiyo madigiri a mpweya ukabwerera mkati kudzera pa kazenera kapamwamba, zimene zimachitikadi mphepo ikawomba. Ndipo samalani ndi K ameneyu: 300 K ndi madigiri 27 a Celsius, ndipo amene walemba 68 pamene bokosi likufuna K walamula kuzizira kwa madigiri 205 pansi pa ziro.

Tafika pa madzi, pamene ine ndikuona kuti pali mtima wa ntchito yanu yonse. Tsamba laliwisi la fodya, magawo 80 mpaka 85 pa 100 ndi madzi. Pa makilogalamu 1,000 a masamba olowa m'balani, pafupifupi makilogalamu 800 ayenera kutuluka ngati nthunzi. Kilogalamu iliyonse ya madzi imafuna pafupifupi makilojulo 2,400 kuti isanduke nthunzi pa madigiri a m'balani. Chulukitsani: mamegajulo 1,920, ofanana ndi nkhuni youma yokwana makilogalamu 128 itapsa popanda kutayika kalikonse. Tsono funsani bambo kuchuluka kwa nkhuni zimene amawotcha pa balani limodzi, muyerekeze ndi 128 ameneyu malinga ndi kulemera kwa masamba awo. Mpata umene muupeze pakati pa nambala ziwirizi ndiwo mitengo imene ikutha m'midzi yathu, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsa kuti mpatawo ukugawika bwanji pakati pa chumuni, denga, makoma ndi timazenera.

Kuti madziwa aoneke pa kompyuta, yatsani species transport yokhala ndi mpweya ndi nthunzi ya madzi. Kenako pali zinthu ziwiri zoti mulembe. Choyamba ndi chinyezi cha mpweya wolowa. Fluent imafuna mass fraction ya nthunzi, gawo la nthunzi pa kulemera kwa mpweya wonse, pa inlet, ndipo mukaisiya imakhala 0, mpweya wouma gwa umene ku Kasungu mu Febuluwale kulibe. Usiku wa madigiri 20 ndi chinyezi cha 90 pa 100, nambalayo ndi pafupifupi 0.015. Lembani yomweyo pa backflow ya outlet. Nambala za nyengo mungazipemphe ku nthambi ya boma yoona za nyengo, kapena kuzitenga pa intaneti ku NASA POWER, koma choyezera chanu chopachikidwa pamthunzi pafupi ndi balani chimaposa zonsezi.

Chachiwiri ndi masambawo. Musayese kujambula tsamba lililonse, kompyuta yanu ingafe. Tengani malo onse a mikangala ngati porous zone, imene imachedwetsa mpweya, ndipo muipatse source ziwiri, nambala za zimene masamba akupereka kapena kumeza: ya nthunzi yotuluka, ndi ya kutentha komezedwa, imene ndi nthunziyo kuchulukitsa ndi 2,400 uja, yokhala ndi chizindikiro chochotsera. Ziwirizi zimayenda pamodzi. Mukaika nthunzi popanda kuchotsa kutentha kwake, balani lanu litentha kuposa lenileni.

Nanga liwiro la nthunziyo mulitenga kuti? Mabuku akupatsani h wa chinyezi kuchulukitsa ndi kusiyana kwa nthunzi ya pa tsamba ndi ya mu mpweya. Zimenezo n'zoona, koma nthunzi ya pa tsamba imasintha tsamba likamauma, ndipo mtsempha wapakati umagwira madzi nthawi yaitali tsamba litauma kale. Njira imene ndingakulangizeni ndi ya sikelo. Sankhani mikangala itatu, wa mzere wapansi, wapakati ndi wapamwamba, muimange kansalu kofiira kuti isasokonezeke. Iyezeni pa sikelo yopachika ija yogulitsira mtedza mikangalayo isanalowe m'balani, kenako maola asanu ndi limodzi aliwonse, mwachangu kuti chitseko chisakhale chotsegula. Kutsika kwa kulemera kwake ndi madzi amene atuluka, kupatula pang'ono pamene tsamba limadya lokha likamachita chikasu. Gawani ndi nthawi, ndipo mwapeza source yanu yochokera pa fodya wa bambo anu yemweyo. Pemphani chilolezo kwa bambo kaye, chifukwa kutsegula balani pa nthawi yolakwika kumawononga mtundu wa tsamba, ndipo iwo ndi amene akudziwa nthawi yoyenera.

Mukayeza chonchi muona nokha kuti balani silikhala pa madigiri amodzi. Masiku oyamba, ochititsa chikasu, moto umakhala wochepa, madigiri 35 mpaka 40, timazenera totseka kapena totsegula pang'ono kuti chinyezi chikhale chambiri. Kenako madigiri amakwera pang'onopang'ono kufika m'ma 50 ndipo timazenera timatsegulidwa, apa ndi pamene madzi ambiri amatuluka. Pomaliza, poumitsa mitsempha, amafika 65 mpaka 70 ndi pang'ono, timazenera n'kuyambanso kutsekedwa. Ulendo wonse ndi pafupifupi sabata imodzi. Madigiri 68 anu aja ndi a chigawo chomaliza chokha. Kuyesa sabata yonse mwa transient, kutsatira mmene zinthu zikusinthira ndi nthawi, n'kotheka, koma pa laputopu ya wophunzira n'kolemetsa. Ine ndikanasankha nthawi zitatu, imodzi pa chigawo chilichonse, iliyonse ndi boundary conditions zake, n'kuziyesa ngati steady, ngati kuti zinthu zakhazikika. Mu lipoti munene poyera kuti njira imeneyi siwerengera kutentha kumene njerwa zimasunga moto ukamakwera.

Mwina wina akuuzani kuti mudule balani pakati n'kuika symmetry kuti kompyuta ipepukidwe. Chitani zimenezo pokhapokha ngati mapaipi, chitseko ndi timazenera zili zofanana mbali zonse ziwiri. Mabalani ambiri amene ndawaona chitseko chili cha kumbali, ndipo mphepete mwake mumalowa mpweya wozizira. Yatsani kamtengo kofuka utsi, muyendetse m'mbali mwa chitseko balani likuyaka. Ngati utsi ukukokedwera mkati, mpata umenewo ndi inlet, ndipo uyenera kujambulidwa.

Zonse zikatha musathamangire zithunzi za mitundu. Pitani pa Reports, pa Fluxes. Mpweya wolowa kuphatikiza nthunzi ya masamba zifanane ndi zotuluka, ndipo kutentha kolowa pa mapaipi kufanane ndi kotuluka pa makoma, denga, pansi ndi timazenera kuphatikiza komezedwa ndi madzi. Kusiyana kusapitirire gawo limodzi pa 100. Kenako yerekezani ndi ma thermometer atatu opachikidwa pa mizere itatu ija. Nambala za ma thermometer amenewa musazilowetse mu boundary condition iliyonse, zisungeni zikhale mboni. Ngati bambo ali ndi thermometer ya nsalu yonyowa ija imene alimi ena amapachika m'balani, lembaninso zimene ikuwerenga, ikuthandizani kuyesa chinyezi. A ku malo a kafukufuku wa fodya a Mwimba ndi alangizi a ARET, bungwe lofufuza ndi kulangiza za fodya, amadziwa mabalani a kuno bwino, ndipo n'koyenera kuwaonetsa zimene mwapeza musanauze bambo kuti asinthe kalikonse pa balani limene likuwadyetsa.

FUNSO

Bambo Injiniya,

Ndimathandiza kalabu ya alimi a mtedza ku Chamama. Tikufuna kumanga choumitsira cha dzuwa chofoleredwa ndi pulasitiki, ndipo mwana wa mchimwene wanga anatiyesera pa COMSOL. Kompyuta yati mtedza uuma m'maola atatu okha. Ife tikudziwa kuti mtedza wa makoko umatenga masiku. Iye akuti pa khoko anaika chinyezi cha 0 popeza mpweya ukuchotsa madzi onse. Kodi walakwa pati, kapena choumitsiracho n'champhamvu chonchi?

Mlimi, Chamama

YANKHO

Bambo, khulupirirani zimene manja anu akudziwa. Mwanayo walakwa pa 0 ameneyo. Polamula chinyezi cha 0 pa khoko wauza kompyuta kuti dontho lililonse lofika kunja kwa khoko likuchotsedwa nthawi yomweyo, ndiponso kuti mpweya wa ku Chamama ulibe chinyezi chake. Zonse ziwiri si zoona. Mtedza sungaume kupitirira pamene mpweya wouzungulira walola. Pa madigiri ndi chinyezi chilichonse cha mpweya pali mlingo umene mtedza umalekera kutaya madzi, ndipo usiku mpweya ukanyowa mtedza wouma umayamba kumwanso chinyontho. Ndi chifukwa chake amayi amauphimba kapena kuulowetsa m'nyumba dzuwa likalowa.

Muuzeni achotse Concentration ya 0 ija, aike Flux imene ikudalira kusiyana kwa chinyezi cha pa khoko ndi mlingo wolekerawo, kuchulukitsa ndi mass transfer coefficient, nambala yosonyeza liwiro limene madzi amachokera pa khoko kupita mu mpweya. Mlingo wolekerawo autenge pa zimene ofufuza anayeza kale pa mtedza, ndipo usinthe malinga ndi mpweya wa m'choumitsiramo. Akumbukirenso kuti madzi a m'njere ayenera kudutsa kampata ka mpweya ndi khoko asanafike kunja, choncho kutenga mtedza wa makoko ngati chinthu chimodzi cholimba kumafulumizitsa yankho. Kutentha kumene madzi amameza posanduka nthunzi akuchotse pa khoko pomwepo. Ndipo ayang'ane dzuwa limene analemba. Ngati anaika mawati 1,000 kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wapatsa choumitsiracho dzuwa la masana tsiku lonse. Dzuwa limakwera ndi kutsika, pulasitiki imabweza lina, ndipo fumbi la mu Meyi ndi Juni likakhala pa pulasitikiyo limachepetsanso.

Chinyezi choyambira chili pa initial values, osati pa boundary, ndipo chimenechi achiyeze. Atenge mtedza wongokumba kumene, auyeze kulemera, auumitse mu uvuni pa moto wochepa mpaka kulemera kutasiya kutsika, ayezenso.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chuku. Kalabu ikakhulupirira maola atatuwo n'kuika mtedza m'matumba khoko litauma kunja koma njere ili yonyowa, nkhungu yobala chuku imera m'thumba momwemo, ndipo poizoni wake sachoka wonse pokazinga kapena posinja. Njere ifike pa chinyezi cha 7 mpaka 8 pa 100 musanasunge. Mangani kaye kachoumitsira kakang'ono ka thireyi imodzi, muikemo makilogalamu asanu, muziyeza m'mawa, masana ndi madzulo mpaka kulemera kutaima, ndipo mwanayo asinthe mass transfer coefficient yake mpaka mzere wa pa kompyuta utatsata nambala zanuzo. Akatero ayesenso ndi mtedza wina wa tsiku lina osasintha kanthu, ndipo zikagwirizana ndi pamene mungamufunse kukula kwa choumitsira chimene kalabu ikufunika.